Atate Akumasula Zimene Munaluka

Amayi anga, kodi kumene muliko muli bwanji? Ife kuno tadzuka, mvula yagwa, ndipo Khirisimasi yoyamba yopanda inu yadutsa. Ndakhala ndikuzengereza kukulemberani poyembekeza kuti nkhani imene ndili nayo itha bwino, kuti ndidzakuuzeni tikuseka. Sinathe bwino. Koma inu munkati nkhani yoipa ili ngati usipa wauwisi, sagona nayo m'nyumba, choncho ndakhala pansi kuti ndiifotokoze mwadongosolo. Ikukhudza atate, ndiponso shawelo yoyera ija imene munatifunditsa tonse atatu popita ku ubatizo.

Ndiyambe ndi zabwino. Mng'ono wanga Lusiya anachira m'mwezi wa Okutobala kuchipatala cha paboma, mwana wamkazi. Dzina lake ndi Alinafe. Anatengera mphumi yanu ndi zala zanu zazitali, ndipo salira pachabe. Mlongo wathu Mateyu akadali ku Dwangwa, kufakitale ya shuga. Wanenepa, koma pakamwa pake sipanasinthe. Ine ndikadali kukhoti, m'chipinda cha mafayilo. Nyumba ya boma ija ndinaibweza maliro anu atatha, ndipo ndinabwerera kuno kwathu kuti ndiziyang'anira atate. Kuntchito ndimapita panjinga, ndipo masana amakhala ndi Lusiya, popeza nyumba yake ili pafupi. Mpunga umene munakolola musanadwale tikudyabe. Chinangwa cha kumtunda chachita bwino, kondowole sakusowa. Mango a pakhomo abereka mpaka nthambi ina inathyoka. A Zainabu, anzanu aja a kuseri kwa mzikiti, amabwera kudzatola, ndipo amayamba aodira dzina lanu, kenaka n'kugwira pakamwa.

Mukukumbukira mmene munkagawanirana ntchito ndi atate. Inu munkaluka, iwo ankamasula. Mukabwera ndi juzi yakale kuchokera pakaunjika munkaipereka kwa iwo, iwo n'kukhala pakhonde, kufunafuna nsonga ya ulusi, n'kuyamba kukoka pang'onopang'ono akukulungira pachala mpaka mpukutu ukule ngati lalanje. Amuna anzawo ankawaseka kuti mphunzitsi wopuma wasanduka mtsikana wantchito wa aNaphiri. Iwo ankayankha kuti osekawo adzabwera okha mwera ukayamba. Ndipo ankabweradi, asodzi akuluakulu, manja ali m'khwapa, kudzapempha zipewa. Inu, masipoko a njinga olukira ali m'manja, munkangoti, "Kunyanja kumatentha kwa amene ali pamtunda."

Maganizo a atate anayamba kusokonekera inu musanatisiye. Tsopano ndikuona kuti munkawatchinga: munkawamalizira mawu, munkawanong'oneza mayina a alendo. Mutachoka, zonse zinaonekera poyera. Sakudziwa kuti munamwalira. Kumanda analipo, dothi anaponya, koma m'mawa mwake anafunsa ngati mwalawirira kudimba. Ndinawauza zoona kangapo, ndipo ulendo uliwonse ankalira ngati akumva koyamba. Ndinaleka. Akafunsa tsopano ndimati muli kumsonkhano wa amayi a mpingo. Ndikudziwa kuti bodza simunkalilola m'nyumba muno, koma njira ina sindinaipeze.

Tsiku lina nditaweruka ndinawapeza pakhonde ali ndi kansalu koluka kaja ka pamsana pa mpando waukulu, ka maluwa ofiira. Theka anali atamasula kale. Ndinawafunsa chimene akuchita. Anandiyang'ana modabwa kuti munthu wamkulu angafunse zoonekeratu, nati, "Amako akufuna ulusi. Akabwera apeze ndamaliza." Nkhope yawo inali yowala, Amayi, kuwala kumene sindinakuone chichokereni inu. Tsiku limenelo anadya bwino, nagona bwino. Ndinaganiza kuti kansalu kamodzi si kanthu.

Sanalekere pomwepo. Tinsalu tonse ta pamipando tinatha, ka pawailesi kanatha, chivindikiro cha tiipoti chinatha. Kenaka anatsikira kudimba. Matimati aja munabzala m'mwezi wa Meyi munawamangirira kumitengo ndi zotsala za ulusi, ndipo mpiru ndi maungu zimene munasankha kuti zikhale mbewu munazimangira ulusi wofiira. Atate anayenda mzere ndi mzere akumasula mfundo iliyonse mosamala, osadula ngakhale imodzi. Matimati anagwa pansi ali ndi zipatso, naola. Za mbewu sindinadziwenso kuti munasankha ziti. Ndinasunga zimene zinkaoneka zazikulu m'maso mwanga, koma inu munkati mbewu saisankha ndi maso okha, ndipo china chimene munkasankhira simunandiuze. Tidzaona chimene chidzamere.

Nditaona kuti zinthu zanu zikutha, ndinachita zimene ndimadziwa. Ndinasonkhanitsa zoluka zonse zimene zinali pabalaza ndi m'zipinda zathu, ndinazikulunga bwino, n'kukazisungitsa kwa a Zainabu. Atate atadzuka anazungulira nyumba yonse akufunafuna. Chakudya anakana. Tsiku lotsatira anakananso, ndipo anangokhala pampando zala zikuyenda zokha pamaondo. Kenaka masana ena, Lusiya akusambitsa mwana, anatuluka. Lusiya ananditumizira uthenga kuntchito. Tinafuna kumsika, kutchalitchi, kudoko, mpaka woyendetsa matola wina anatiuza kuti waona nkhalamba yovala jekete ikuyenda pakati pa msewu kulowera ku Bua. Tinawapeza mapazi atatupa, nsapato imodzi palibe. Anati akukuchingamirani, chifukwa mwachedwa ndipo katundu wakulemerani. Madzulo omwewo ndinapita kwa a Zainabu kukatenga mtolo uja. Anangonditwika, nati, "Mwanangu, Mulungu ndiye adziwa."

Ndinayesanso nzeru ina. Ndinapita pakaunjika kukagula majuzi kuti azimasula amenewo, zanu zipume. Masiku ano kaunjika wadzaza paboma, milu ndi milu, koma kusankha kwake sindikudziwa. Inu munkatembenuza juzi n'kuyang'ana msoko, ina n'kuitenga, ina n'kuiponya. Zimene ndinagula ine zinali zodula ndi makina m'mbali, ulusi wake umatuluka tizidutswa tatifupitifupi. Atate anakoka kamodzi, nakokanso, n'kuiponya pansi. "Wakunyenga ndani, mayi iwe? Izi ndi zinyalala. ANaphiri sangagule zotere." Dzina langa analiiwala, koma ulusi amaudziwa ndi chala. A Zainabu anandiphunzitsa kuona msoko, ndipo ndinapeza ziwiri zabwino. Anazimasula, komabe mosakondwa, ndipo atangomaliza anabwerera kuzanu.

Khirisimasi itayandikira, ine ndi Lusiya tinagwirizana kuti nyumba ioneke monga munkaikonzera. Tinazira khonde ndi dothi lakuda, Lusiya analemba maluwa pakhoma ndi dothi loyera ndi lofiira, ngakhale kuti ake amaoneka ngati masamba a chinangwa. Ndinadula masamba a kanjedza n'kuwamanga mbali zonse za chitseko. Zitini zanu za maluwa ndinazitsuka n'kuzindandalika pakhonde. Kenaka tinatsitsa katoni ija ya pamwamba pa kabati: timaluwa ta ulusi tozungulira, nyenyezi za timitengo ta nsungwi, ndi tinkhosa tija munkatiika pawindo. Tinamanga zingwe kuchokera pangodya kufika pangodya, monga mwa nthawi zonse. Mateyu atafika kuchokera ku Dwangwa anaima pakhomo n'kuyamba kuseka. "Achemwali, timaluwa tachikasu tonseti, mwalowa chipani? Anthu a tsidya ilo akaona atiphwanyira mawindo!" Ndinamuuza kuti ulusi umenewo munaugula zipani zisanabwere, ndipo kuti akafuna ndale akachitire kwawo kumzimbe. Koma ndivomere kuti tachikasuto ndinatisakaniza ndi tobiriwira ndi tofiira, kuti aliyense wodutsa apezepo take. Dziko lafika pamenepo, Amayi, mtundu wa ulusi ukufunsidwa mbali.

Zokongoletsazo sizinakhalitse. Atate ankakwera pampando kuti azifikire, ndipo poopa kuti angagwe ndinazitsitsa ndekha n'kuwapatsa m'manja. Nyenyezi zinasanduka timitengo. Tinkhosa anatisiya komalizira. Anatiyang'ana nthawi yaitali, nanena kuti Mateyu ankatiyamwa ali wamng'ono, kenaka n'kufuna nsonga.

Tsopano ndifike pa shawelo. Ansembe anaika ubatizo wa ana patsiku la Khirisimasi, ndipo Lusiya kuyambira ali woyembekezera ankanena kuti mwana wake adzapita kuguwa m'shawelo yanu. Mukudziwa kuti ulusi wake sunali wa pakaunjika. Munaugula watsopano muli ndi pakati pa ine, ndipo maluko ake a masamba munawaphunzira kumishoni muli mtsikana. Inali m'bokosi lachitsulo kuchipinda kwanu. Ine ndi Lusiya sitingalowe mmenemo; ndife ana aakazi otha msinkhu, ndipo munatilera kuti tiziima pakhomo. Pamaliro amene analowa ndi azakhali, ndipo za shawelo palibe anaziganizira. Ndinkadzitonthoza kuti atate bokosilo analiiwala.

Sabata ya Khirisimasi anayamba kudzitsekera kuchipinda, ndipo Lusiya anaona kaulusi koyera pajekete yawo. Mateyu anati, "Nanga mukudikira chiyani? Ino ndi nthawi ya matipate, aliyense ali ndi ufulu wolowa paliponse." Anagogoda n'kukankha chitseko. Atate sanamuzindikire. Anamutulukira ndi ndodo akukuwa kuti wakuba, ndipo Mateyu, ndi thupi lake lonse lija, anathawira kuseri kwa bafa. Tinaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa.

Ndinatumiza uthenga ku Liwaladzi kwa a Mbewe, msuweni wa atate, popeza iwo angalowe ndipo angawalankhule mmene afunira. Anabwera ndi ndodo yawo, naima pachitseko. "Tsegula, nkhalamba iwe! Wabisa mkazi wina mmenemo?" Atate anatsegula akuseka, mawu a msuweni wawo anawadziwa. Anakhalamo nthawi yaitali, ife tili pabalaza. Potuluka a Mbewe anali chimanjamanja. Anakhala pansi, napempha madzi, nati, "Ana inu, shaweloyo ilipo, wayamba kumene m'mphepete. Ndinaigwira, iye n'kundigwira dzanja, akuti mkazi wake waitanitsa ulusi woyera, kukubwera mwana. Ine sindingamulande. Amene akufuna kukumba manda ena chaka chomwechino alowe yekha." Lusiya analira. Ine ndinawathokoza a Mbewe ndi kuwaperekeza kumsewu.

Tsiku loti mawa ndi Khirisimasi kunatentha kwambiri, mvula itakana kugwa. Masana atate anatuluka kuchipinda chifukwa cha kutentha, mpukutu woyera uli m'manja, nakhala pampando wawo pakhonde, ndipo tulo tinawaba. Chitseko anasiya chotsegula. Ulusi unachokera pachala chawo, kutsika pansi, kudutsa pakhomo, kudutsa pabalaza ponse, kulowa kuchipinda, kukafika pabedi. Titaima pakhomo la chipindacho tinaiona shawelo ili poyalidwa. Mbali imodzi inali itapita, koma pakati ponse, pamene pali masamba aja, panali pabwinobwino. Ikanakwana kufunditsa mwana.

Lusiya anathamangira kwake nabwera ndi lumo. Mateyu anavula nsapato, nanong'ona kuti, "Ine ndilowa, tchimo likhale langa. Inu dulani apa, timangirire ku juzi ina. Akadzuka sadziwa." Onse awiri anayang'ana ine, chifukwa ndine wamkulu, ndipo chichokereni inu mawu otsiriza m'nyumba muno amayembekezeka kwa ine. Lusiya anandiika lumo m'manja.

Ndinagwada pabalaza, ulusi uli pakati pa zala zanga. Unali wokwinyikakwinyika, ukusungabe mapindidwe a maluko anu. Kuchokera pamene ndinagwadapo ndinkaona mbali zonse ziwiri: shawelo pabedi, ndi atate pakhonde, mutu utapendekeka, pakamwa pali pululu, chala chitakulungidwa ulusi. Mapazi awo anali asanapole bwino kuchokera paulendo wa ku Bua uja. Ndinadziwa kuti juzi ina sadzailandira. Akadzuka adzakoka, nsonga idzabwera yokha m'manja mwawo, ndipo adzadziwa kuti wina wawabera ntchito ya mkazi wawo. Chimene akanachita pambuyo pake sindinachidziwe. Mwina akanalira tsiku limodzi n'kuiwala. Mwina akanalowanso mumsewu, tsiku limene magalimoto a Khirisimasi amathamanga ngati amisala. Kukhoti ndimaona oweruza akupatsidwa mbali ziwiri, koma iwo amakhala ndi buku lowauza chochita. Ine ndinalibe.

Ndinabweza lumo. Ndinati, "Sitidula."

Lusiya anandiyang'ana ngati sakundidziwa. "Achemwali, chinthu chimodzi chokha. Chimodzi! Zonse mwawapatsa, ichi ndi cha mwana wanga." Ndinati ndamva, koma sitidula. Anati, "Inu mulibe mwana, n'chifukwa chake." Mateyu anamuletsa kuti asalankhule choncho kwa mkulu wake, koma mawu anali atatuluka kale. Sindikumuimba mlandu. Anatenga lumo lake napita. Mateyu anavala nsapato zake. Patapita kanthawi atate anadzuka, nayang'ana pachala, namwetulira, ndipo ulusi unayambanso kuyenda pabalaza, ukudutsa pafupi ndi maondo anga. Ndinakhala pomwepo ndikuuyang'ana mpaka nthawi yophika itakwana.

M'mawa wa Khirisimasi atate anatuluka atavala jekete ndi tayi, chipewa chawo chili m'manja, chodzaza ndi mipukutu yoyera. Lusiya anali pakhonde akuveka mwana. Atate anaima patsogolo pake mwaulemu, monga amachitira ndi alendo, nati, "Mayi, mwana wanuyu alibe chofunda. Tengani ulusi uwu. Mkazi wanga akabwera akulukirani, amaluka bwino kwambiri. Ana athu onse anawalukira yekha." Ndinaopa chimene Lusiya anganene. Koma munamulera bwino, Amayi. Anagwada, nalandira ndi manja awiri, nati, "Zikomo, atate." Kenaka anandipatsa mwana osandiyang'ana, napita kuseri kwa nyumba, ndipo tonse tinamumva akulira.

Alinafe anabatizidwa m'chitenje. A Zainabu, atamva zimene zinachitika, anabwera nacho m'mamawa, chatsopano, cha maluwa abuluu. Anati anayenda msika wonse kufuna nsalu yopanda nkhope ya munthu wandale. Anatiperekeza mpaka pampanda wa tchalitchi n'kubwerera. Mwana sanalire pothiridwa madzi. Atate anaimba nyimbo zonse osaphonya liwu, ndipo ankatembenukira kumbali ya amayi kukufunani.

Masana ake ndinawaonetsa a Zainabu mipukutu ija, n'kuwafunsa ngati angailukenso. Anaitembenuza m'manja, napukusa mutu. Anati chipewa angaluke, timasokosi angaluke, koma masamba aja ankangowaona mukuluka, ndipo mutawaphunzitsa kamodzi anasokoneza, nonse n'kuseka n'kuzisiya. Amayi a kumishoni amene ankawadziwa anatha. Ine masipoko simunandigwiritse. Munkati dzanja langa ndi la cholembera, ndipo munanditumiza kusukulu yogonera komweko. Lusiya amadziwa maluko wamba okha. Ulusi ulipo wonse, sunatayike ngakhale pang'ono, uli m'dengu kwa Lusiya. Koma shawelo palibe.

Lusiya akundipatsa moni, koma sakukhala pansi ndikakhalapo. Mwana amamutumiza kwa ine kudzera mwa mwamuna wake. Mateyu anabwerera ku Dwangwa, pokwera basi anandigwira paphewa, chinthu chimene sanachitepo, nati, "Achemwali, musadzidye mtima." Sindikudziwa ngati ndinachita bwino. Ndaisinkhasinkha nkhaniyi mbali zonse, ndipo tsiku lina ndimapeza kuti ndinakhoza, tsiku lina kuti ndinalanda mwana chinthu chake chifukwa cha mantha anga. Mukanakhalapo mukanaithetsa ndi mawu amodzi, mwinanso mukanangoseka n'kutenga masipoko. Ine ndimasunga mapepala a anthu osawadziwa kuti chiswe chisawadye, ndipo palibe limene linatayikapo m'manja mwanga. Za m'nyumba mwanu zandithera ndikuona.

Pabalaza tsopano pali mbee. Mipando ili yosavala, mawindo alibe kanthu, masamba a kanjedza auma ndipo ndiwachotsa chaka chikalowa. Mipukutu yadzaza lichero ndi madengu, yofiira, yachikasu, yobiriwira, yonse yokulungidwa bwino, ikudikira inu. Chotsala chimene manja anu analuka ndi juzi yakhofi ija ya atate. Dzulo anaivala ngakhale kunkatentha, ndipo m'mawa uno ndawapeza apeza nsonga pamkono wamanzere. Akumasula ali chivalire. Pamene ndikulemba pano dzanja la juzi lafika pachigongono, iwo akuimba chapansipansi, ndipo andifunsa kawiri ngati msonkhano wanu utha lero. Ikatha juziyo sindikudziwa chimene ndidzawapatse.

Sindiwalanda, Amayi. Chimene ndingalonjeze ndi chochepa: pakhomo ndizitseka, mumsewu sadzayendanso okha, ndipo tsiku limene ulusi udzathe ndidzapempha tchuthi kuntchito, ndidzakhala nawo pakhonde, ndi kuwayankha ulendo uliwonse umene adzafunse za inu. Ndidzawasunga kufikira mutawaitana. Mukatero, musawakalipire chifukwa cha shawelo. Ankakonzera inu.

Ndine mwana wanu woyamba, wokukondani ndi wokusowani,

Eneresi